Ululu womwe unasamukira pa tsaya: lipoti la mayi yemwe anavulala mtsempha wa m'nsagwada pozula dzino

Lipoti lino ndi la mayi wa zaka 34, mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale, yemwe ndinamuthandiza kwa miyezi 10. Anavomera kuti nkhani yake ilembedwe, ndipo zonse zomwe zikanamuzindikiritsa ndazichotsamo. Mtsempha womwe unavulala ndi wa m'nsagwada ya m'munsi, koma ululu womwe unamusowetsa mtendere kwambiri unadzamveka pa tsaya ndi pa mlomo wa m'mwamba, malo omwe chitsulo cha wozula mano sichinafikeko, ndipo chifukwa cha zimenezi anatsala pang'ono kuzulidwa mano ena awiri omwe analibe vuto lililonse. Mawu akuti mtsempha m'lipoti muno akutanthauza mtsempha wotenga uthenga pakati pa thupi ndi ubongo, osati wodutsa magazi.

Mbiri ya wodwala

Dzino lomalizira la kumbuyo kwenikweni, m'munsi kumanzere, linamera mopendekeka, theka lake lili m'fupa, ndipo linkatupitsa nkhama kawirikawiri. Analizula pa chipatala china popanda kujambula X-ray poyamba. Ntchitoyo inatenga nthawi yoposa ola, muzu umodzi unathyokera mkati, ndipo pamene ankautokosa kuti utuluke, mayiyu anamva ngati wagwidwa ndi magetsi kuchokera m'nsagwada kukafika pa mlomo, ngakhale kuti anali atabayidwa jakisoni wa dzanzi. Sindikulemba izi pofuna kuloza chala mnzanga amene anagwira ntchitoyo, pakuti aliyense amene anazulapo dzino lotere pamalo opanda makina ojambulira, kunja kuli mzere wa anthu otupa masaya, amadziwa kuti mizu imeneyi munthu amaitsata ndi manja okha, maso osaona kanthu.

Kutacha, dzanzi la jakisoni linatha pa lilime ndi m'kamwa monse koma linatsala pa theka la kumanzere la mlomo wa m'munsi ndi pa chibwano. Tiyi ankatayikira pa bulauzi iye osamva, ndipo kawiri konse anadziluma mlomo mpaka magazi pakudya nsima. Iye ankamva ngati mlomowo walendewera, moti a pabanja pake anachita mantha kuti mwina ndi sitiroko. Pofika sabata ya 4 dzanzi lija linayamba kusakanikirana ndi kunyerenyesa, kenako kuwotcha komwe iye anakufanizira ndi tsabola wopakidwa pa bala. Zachilendo zinayamba cha mu sabata ya 6. Tsaya la kumanzere ndi mlomo wa m'mwamba, zomwe zinali bwinobwino nthawi yonseyi, zinayamba kupweteka zikakhudzidwa ndi chinthu chopepuka: madzi osamba kumaso, mafuta odzola, nsonga ya mpango, ngakhale mphepo ya m'mawa akakwera kabaza popita kusukulu. Anabwerera kuchipatala kawiri, ndipo maulendo onsewo anapatsidwa amoxicillin ndi Brufen, zomwe sizinasinthe kanthu. Ulendo wachiwiriwo anauzidwa kuti mwina mano a m'mwamba ndi amene akuwola. Anafika kwa ine mu sabata ya 9, ndipo mawu ake oyamba anali akuti: "Adokotala, ingondizulani awiri a m'mwambawa kuti ndipumeko."

Analibe matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Anayezetsa HIV miyezi iwiri m'mbuyomo ndipo sanamupeze ndi kachilombo. Ankagwiritsa ntchito njira yolerera ya timachubu ta pamkono, mfundo yomwe inadzakhala yofunika posankha mankhwala.

Zomwe ndinapeza pomupima

Ndinayamba ndi minofu ya nkhope chifukwa cha mantha aja a sitiroko. Anakweza nsidze zonse ziwiri mofanana, anatsinzina mwamphamvu, anamwetulira, anatukumula masaya ndi kuimba mluzu popanda mbali yofooka. Ndinamupatsa galasi kuti adzionere yekha kuti mlomo womwe ankaumva ngati walendewera unali pamalo pake. Apa mpofunika kulekanitsa mitsempha iwiri yomwe anthu, ngakhale ena a zaumoyo, amaisokoneza. Mtsempha wa 7 wa m'chigaza, womwe m'mabuku umatchedwa facial nerve, ndi womwe umayendetsa minofu ya nkhope, ndipo ukafooka nkhope imapotokera mbali imodzi monga mu matenda a Bell's palsy. Koma kumva kukhudzidwa, kutentha ndi ululu pa nkhope ndi ntchito ya mtsempha wa 5, trigeminal nerve, womwe uli ndi nthambi zitatu: yoyamba ya pamphumi ndi diso, yachiwiri ya tsaya, mlomo wa m'mwamba ndi mano a m'mwamba, yachitatu ya nsagwada ya m'munsi, mlomo wa m'munsi, chibwano ndi lilime. Mwa mayiyu mtsempha wa 7 unali wabwinobwino.

Ndinajambula malire a dzanzi pa khungu ndi cholembera. Linayambira pakati penipeni pa mlomo wa m'munsi, n'kukafika pa ngodya ya pakamwa kumanzere, n'kutsikira pa chibwano, ndendende dera la mental nerve, yomwe ndi mathero a inferior alveolar nerve, mtsempha uja wodutsa mkati mwa nsagwada ya m'munsi, ukatuluka m'fupa pafupi ndi mano ang'onoang'ono a m'mbali. M'derali thonje sankalimva, singano ankaimva mwapatalipatali, ndipo nsonga ziwiri ankazimva ngati imodzi mpaka nditazitalikitsa kupitirira mamilimita 15, pomwe kumanja ankazisiyanitsa pa mamilimita 4. Lilime linkamva bwino mbali zonse, ndipo mchere ndi shuga ankazizindikira, umboni woti lingual nerve, yomwe imadutsa pafupi kwambiri ndi dzino lomweli mbali ya lilime, inapulumuka.

Pa tsaya ndi pa mlomo wa m'mwamba panali posiyana kotheratu. Panalibe dzanzi ngakhale pang'ono, ndipo nsonga ziwiri ankazisiyanitsa mofanana ndi kumanja. Koma nditangodutsitsa thonje pa tsayalo anabweza mutu, misozi n'kulengeza m'maso, ndipo ululuwo unapitirira kwa pafupifupi mphindi imodzi thonje litachoka. Ululu wobwera ndi kukhudza komwe sikuyenera kupweteka timautcha allodynia. Mano onse a m'mwamba kumanzere ndinawagogoda, ndinawayesa ndi chozizira, ndinawajambula, ndipo onse anali amoyo, opanda bowo kapena mafinya ku mizu. Chithunzi cha nsagwada yonse chinaonetsa kuti palibe chidutswa cha muzu chotsalira, koma mzere woyera wa denga la ngalande yomwe mtsempha umadutsamo unali wodukiza pansi pa dzenje la dzino lozulidwalo. Pa mafunso 10 a DN4, omwe mayankho 4 okha ovomera amakwanira kuganizira ululu wochokera ku mtsempha wovulala, iye anapeza 7. Ululu wake anaupatsa 7 pa 10 pa mlomo wa m'munsi, ndi 8 pa 10 pa tsaya likakhudzidwa.

Ndinachita mayeso awiri a jakisoni wa dzanzi wa lidocaine pa masiku osiyana. Nditachititsa dzanzi mano awiri omwe ankafuna kuzulitsawo, ululu wa pa tsaya sunasinthe, ndipo ichi chokha chinali chokwanira kukana kuwazula. Nditabaya inferior alveolar nerve pamwamba pa malo ovulalawo, kuwotcha kwa mlomo wa m'munsi kunatsika kufika pa 3, koma tsaya linapitirizabe kukana thonje monga kale. Gwero la ululu wa pa tsaya silinali m'dzino, ndipo silinalinso pa bala la mtsempha lenilenilo. Linali kumtunda.

Matenda ena ndinawachotsa mwachangu. Mashingozi, omwe kuno timawaona kawirikawiri pa nkhope, nthawi zambiri amasiya matuza kapena zipsera, ndipo iye analibe. Trigeminal neuralgia imabwera ngati mphezi ya masekondi ochepa, pakati pake munthu ali bwino, ndipo kawirikawiri simabwera ndi dzanzi lalikulu chotere. Fupa silinali ndi mafinya, ndipo mfundo ya nsagwada inkatseguka bwino. Ndinalemba m'buku lake la kuchipatala kuti ndi post-traumatic trigeminal neuropathic pain, dzina lomwe lili mu ndondomeko ya matenda a ululu wa nkhope ndi m'kamwa ya ICOP ya chaka cha 2020. Poona kuti singano ankaimvako, ndinaganiza kuti ulusi wa mkati mwa mtsempha unaphwanyika koma chikuto chake sichinaduke, gulu lomwe Herbert Seddon analitcha axonotmesis.

Zomwe zimachitika mu ganglion

Funso lomwe mayiyu anandifunsa, ndipo anali ndi ufulu wonse wolifunsa, linali lakuti tsaya likupwetekeranji pomwe dzino linazulidwa m'munsi. Yankho lake limayambira pamalo pomwe nthambi zitatu zija zimakumana. Selo lililonse la mtsempha womvera lili ndi ulusi wautali wofika pa khungu kapena m'dzino, koma thupi la selolo, momwe muli nyukiliyasi ndi momwe mumapangidwa zonse zosamalira ulusiwo, limakhala kutali. Matupi a maselo omvera a nkhope asonkhana pamodzi mu trigeminal ganglion, yomwe ena amaitcha Gasserian ganglion, kachinthu kophwatalala kooneka ngati mwezi wongokhala kumene, komwe kali pansi pa ubongo m'kathumba kotchedwa Meckel's cave. Mmenemo maselo a nthambi yachitatu amayandikana ndi a nthambi yachiwiri, ndipo a nthambi yachiwiri amayandikana ndi a yoyamba. Mlomo wa m'munsi ndi tsaya zili ndi mitsempha yosiyana pa nkhope, koma mu ganglion ndi anansi ogundana makomo.

Mu ganglion yathanzi anansiwa samvana zokamba, chifukwa thupi la selo lililonse lakutidwa ndi timaselo tina tophwatalala, satellite glial cells, tomwe m'lipoti muno ndizititcha maselo ofungatira. Ennio Pannese wa ku Milan, yemwe anatha zaka zambiri akuwaunika ndi electron microscope, anaonetsa kuti selo la mtsempha lililonse ndi maselo ake ofungatira zimapanga kanyumba kakekake, kolekanitsidwa ndi tinyumba tina. Mpata wa pakati pa selo la mtsempha ndi chofunda chakecho ndi pafupifupi mananomita 20, wochepa kwambiri moti chilichonse chomwe selo limodzi latulutsa chimafika kwa linzake nthawi yomweyo. Kwa nthawi yaitali maselowa ankaonedwa ngati zotchingira chabe. Lero tikudziwa kuti amayamwa potaziyamu yemwe selo la mtsempha limatulutsa likamatumiza uthenga, pogwiritsa ntchito khomo lotchedwa Kir4.1, amachotsa glutamate, mankhwala a m'thupi odzutsa maselo a mitsempha, n'kumusandutsa glutamine, ndipo mwa njira zimenezi amasunga bata m'kampata kaja kuti selo la mtsempha lisamangolira, kutanthauza kutumiza uthenga, popanda chifukwa.

Ulusi ukavulala kutali ku nsagwada, mbali yake ya kunsi kwa balalo imafota n'kuphwasuka, monga anafotokozera Augustus Waller mu 1850 atadula mitsempha ya achule. Koma uthenga wa ngoziyo umakweranso kumtunda n'kufika ku thupi la selo, ndipo maselo ofungatira, ngakhale iwo sanakhudzidwe ndi chitsulo, amasintha. Mu 1995 Stephenson ndi Byers ku Seattle anaonetsa kuti kungovulaza dzino la khoswe kumachititsa kuti maselo ofungatira a mu trigeminal ganglion ayambe kupanga puloteni yotchedwa GFAP mochuluka m'masiku ochepa. Puloteni imeneyi imakhala yochepa kwambiri mwa iwo akakhala pa mtendere, choncho kuchuluka kwake kwakhala chizindikiro chomwe ofufuza amadziwira kuti maselowa adzidzimuka.

Kusintha kwachiwiri ndi komwe kukugwirizana kwambiri ndi nkhani ya mayiyu. Maselo ofungatira amalumikizana ndi timipata totchedwa gap junctions, tomangidwa makamaka ndi puloteni ya connexin 43, momwe timadutsa tinthu ting'onoting'ono monga kashiyamu. Mu ganglion yathanzi kulumikizanaku kumakhala makamaka pakati pa maselo ofungatira selo limodzi lomwelo. Gulu la Menachem Hanani ku Jerusalem linkabaya utoto mu selo limodzi lofungatira n'kuona komwe ufalikire, ndipo mu 2004 linafalitsa zomwe linapeza litadula mtsempha wa pa tsaya la mbewa wotchedwa infraorbital: utoto unkafalikira kwambiri kuposa kale, ndipo maselo a mtsempha nawo anali osachedwa kulira. Pa kafukufuku wa gulu lomweli pa ganglion za msana zinaoneka kuti maselo ofungatira amatulutsa timanja tatsopano tofikira maselo ofungatira a selo loyandikana. Makoma a tinyumba tija amabooka, ndipo mkangano wa m'nyumba imodzi umamveka kwa anansi. Mu 2016 gulu la Xinzhong Dong ku Johns Hopkins, pojambula ganglion za msana za mbewa zamoyo, linaona kuti pambuyo pa kuvulala maselo a mtsempha oyandikana amayaka awiriawiri kapena atatuatatu nthawi imodzi, chinthu chomwe chinali chosowa mwa mbewa zosavulala, ndipo mankhwala otseka gap junctions anachichepetsa.

M'chaka chomwecho cha 2016 gulu la Koichi Iwata ku Nihon University ku Tokyo linachita pa makoswe pafupifupi chimodzimodzi ndi chomwe chinachitikira wodwala wanga. Linadula inferior alveolar nerve, ndipo makoswewo anayamba kumva kupweteka akakhudzidwa pa khungu lomera ndevu, lomwe ndi dera la nthambi yachiwiri, komanso pa chikope cha m'mwamba, dera la nthambi yoyamba. Mu ganglion, maselo ofungatira anali atadzidzimuka ndipo connexin 43 inali itachuluka. Atathira mu ganglion mankhwala otseka timipatato otchedwa Gap27, kupweteka kwa pa tsaya kunachepa. Nditawerenga zimenezi koyamba ndinakumbukira odwala angapo omwe ndinawaona zaka za m'mbuyo, osowa mano atatu kapena anayi mbali imodzi, ululu ukadali pomwepo, ndipo mtima unandipweteka chifukwa ena mwa manowo ndinazula ndine.

Palinso kulankhulana kwa mankhwala a m'thupi. Thupi la selo la mtsempha likalira limatulutsa ATP, kachinthu konyamula mphamvu m'selo komwe kakatuluka kunja kamakhala uthenga, m'kampata kaja. Maselo ofungatira ali ndi zolandirira ATP, monga P2X7 ndi P2Y12, ndipo akailandira amatulutsa zinthu zoyambitsa kutupa monga TNF-alpha ndi interleukin-1 beta, zomwe zimabwerera kwa selo la mtsempha n'kulichititsa kukhala losachedwa kulira, nalo n'kutulutsa ATP wina. Nayo CGRP, puloteni yaing'ono yomwe maselo a trigeminal amatulutsa ndipo imadziwika bwino pa nkhani ya mutu waching'alang'ala, imadzutsa maselo ofungatira. Pamwamba pa izi khomo la potaziyamu lija limachepa. Mu 2008 Vit, Ohara, Jasmin ndi anzawo ku San Francisco anazimitsa Kir4.1 mu trigeminal ganglion ya makoswe omwe mitsempha yawo inali yosavulala, ndipo makoswewo anayamba kuonetsa zizindikiro za ululu wa nkhope. Kwa ine umenewu ndiye umboni wolemera kuposa wonse, chifukwa ukuonetsa kuti kusokonekera kwa maselo ofungatira pakokha, popanda bala lililonse pa mtsempha, n'kokwanira kubweretsa ululu.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti umboni wonsewu ndi wa makoswe ndi mbewa, ndipo palibe chipangizo cha m'chipatala, kuno kapena kunja, choonera maselo ofungatira a munthu wamoyo. Ganglion siili yokha pa nkhaniyi. Uthenga wa nthambi zonse zitatu umakatsikira m'tsinde la ubongo, mu trigeminal subnucleus caudalis, momwenso maselo othandizira a kumeneko, microglia ndi astrocytes, amadzidzimuka mtsempha ukavulala, ndipo ululu ungathe kufalikiranso pamenepo. Mayeso anga a jakisoni anangoonetsa kuti gwero lili kumtunda kwa bala, ndipo malo onse awiriwa ali kumtunda. Koma pa ntchito ya tsiku ndi tsiku kusiyanaku sikusintha chochita: ululu wa pa tsaya unali weniweni, unali ndi njira yodziwika yobwerera, ndipo kuzula dzino lina kukanangovulaza timitsempha tina ta nthambi yachiwiri n'kutumiza uthenga wina wa ngozi ku ganglion yomwe inali kale pa chipwirikiti.

Sikoyeneranso kuwaona maselowa ngati adani. Gulu lomwe lija la ku San Francisco litachepetsa connexin 43 mwa makoswe ovulala, zizindikiro za ululu zinachepa, koma litachita chimodzimodzi mwa makoswe athanzi, zizindikirozo zinayamba. Ndipo mu 2020 gulu la Valeria Cavalli ku Washington University ku St. Louis linaonetsa kuti mtsempha ukavulala maselo ofungatira amayatsa njira zopangira mafuta a m'selo ndi njira ya PPAR-alpha, ndipo mbewa zomwe maselo awo ofungatira analandidwa mphamvu imeneyi ulusi wawo unkamera mochedwa, vuto lomwe linakonzeka zitapatsidwa fenofibrate, mankhwala oyatsa njira ya PPAR-alpha ija. Kudzidzimuka komwe kumafalitsa ululu ndi mbali ya ntchito yomweyo yothandiza selo kumeretsa ulusi watsopano. Mankhwala omwe angadzazimitse maselowa kotheratu angathe kuchedwetsa kuchira kwa mlomo womwe tikufuna kuti uyambirenso kumva.

Chithandizo

Chithandizo choyamba chinali kukana kuzula mano ndi kufotokoza chifukwa chake. Ndinatenga pafupifupi theka la ola ndikujambula pa pepala nthambi zitatu ndi malo omwe zimakumana. Poti iye ndi mphunzitsi, anamvetsa msanga, ndipo iye mwini ndi amene anafanizira ganglion ndi makalasi olekanitsidwa ndi makoma osafika kudenga, momwe phokoso la kalasi imodzi limasokoneza inzake. Ndinamuuzanso zoona zake za nthawi: ulusi wa mtsempha umamera pafupifupi milimita imodzi pa tsiku zinthu zikamayenda bwino, kumva kudzabwerera pang'onopang'ono, mwina osafika pomwe kunali kale, ndipo ululu sudzatha tsiku limodzi. Ndinamuletsa maantibayotiki ndi Brufen, yemwe anali atayamba kale kumupweteketsa m'mimba.

Mankhwala olunjika pa maselo ofungatira kulibe m'zipatala. Otseka gap junctions monga carbenoxolone ndi Gap27, pa nkhani ya ululu, ndi zida za mu labotale, ndipo fenofibrate, ngakhale amaperekedwa kwa anthu pochepetsa mafuta m'magazi, sindinamupereke chifukwa umboni wake pa mitsempha ndi wa mbewa. Ndinatsata malangizo a chaka cha 2015 a NeuPSIG, gulu la akatswiri a ululu wa mitsempha, omwe amaika patsogolo mankhwala a gulu la amitriptyline, duloxetine, gabapentin ndi pregabalin. Carbamazepine, yemwe ambiri amathamangira akangomva za ululu wa nkhope, ndinamupewa dala. Iye ndi mankhwala a trigeminal neuralgia, matenda omwe mayiyu analibe, ndipo amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, moti akanafooketsa timachubu take tolerera n'kumuika pa chiopsezo chotenga pakati mosayembekezera ali pa mankhwala omwe angavulaze mwana m'mimba. Mankhwala omwewa amatsitsanso dolutegravir, mmodzi mwa ma ARV, m'magazi, choncho kwa wodwala amene ali pa ma ARV ndi bwino kufunsa kaye musanalembe.

Tinayamba ndi amitriptyline theka la piritsi la 25 mg madzulo, n'kukwera kufika pa piritsi lathunthu patatha sabata imodzi. Ndinamufotokozera kuti ngakhale mankhwalawa amadziwika ngati a matenda a maganizo, sindikumupatsa chifukwa choganiza kuti ululu wake ndi wa m'mutu, mfundo yomwe ndaona kuti ikapanda kunenedwa odwala ambiri amasiya kumwa akangowerenga kapepala ka m'bokosi. Anadandaula za kuuma kukamwa ndi kulemera m'mutu m'mawa, ndipo tinasintha nthawi yomwera kukhala 7 koloko madzulo kuti azidzuka bwino pokonzekera kalasi. Pa sabata ya 4 ya mankhwala tinafika pa 50 mg. Tulo tinabwerera, kuwotcha kwa mlomo wa m'munsi kunatsika kufika pa 4, koma tsaya linali likadali pa 6. Tinawonjezera gabapentin 300 mg usiku, kenako kawiri, kenako katatu pa tsiku. Ameneyu ankagula yekha ku famase, ndipo mwezi wina ndalama zitavuta anasiya mwadzidzidzi kwa masiku 9, ululu n'kubwereranso mwamphamvu. Kuyambira pamenepo tinagwirizana kuti akaona kuti ndalama zikuchepa azitsitsa pang'onopang'ono m'malo mosiyiratu.

Ndinamuphunzitsanso kuzoloweza khungu: kawiri pa tsiku, ali patsogolo pa galasi, azisisita tsaya la kumanja ndi nsalu yofewa, kenako la kumanzere, kuyambira m'mphepete mwa dera lopwetekalo n'kumalowera mkati masiku akamapita. Pa mlomo wa dzanziwo ndinamulangiza kuyesa kutentha kwa tiyi ndi phala ndi mbali ya kumanja, ndi kutafuna mosafulumira. Za opaleshoni yosoka mtsempha tinakambirana, koma sindinaione yoyenera, chifukwa kumva kunali kutayamba kubwerera, panalibe chidutswa cha muzu chopanikiza mtsempha, ndipo ululu wa mtundu uwu ukakhazikika sikawirikawiri kutha ndi mpeni.

Mmene zinayendera

Tsaya ndi lomwe linayamba kuchira. Pofika mwezi wa 5 chizulidwire dzino, dera lokana thonje linali litachepa kuchoka pa tsaya lonse n'kutsala kachigawo kakang'ono pafupi ndi ngodya ya pakamwa, ndipo anayambiranso kusamba kumaso ndi madzi ozizira. Nthawi yomweyo malire a dzanzi pa chibwano, omwe ndinkawajambula ulendo uliwonse n'kuwakopera m'buku lake, anali akubwerera chakumlomo, ndipo ndikagogoda pomwe mental nerve imatulukira ankamva kunyerenyesa kothamangira ku mlomo, chizindikiro cha Tinel chosonyeza kuti ulusi watsopano wafika pamenepo. Zinthu ziwirizi zinayendera limodzi: pamene mtsempha wovulala unkafikanso pa khungu lake, dera losavulala linkatonthola.

Pa mwezi wa 8 tinayamba kutsitsa gabapentin ndi 300 mg masabata awiri aliwonse, ndipo ululu wa pa tsaya sunabwerere. Nditamuona komaliza, patatha pafupifupi chaka chizulidwire dzino, anali pa amitriptyline 25 mg yekha. Tsaya ndi mlomo wa m'mwamba zinalibe ululu uliwonse. Pa mlomo wa m'munsi ankamva thonje, nsonga ziwiri ankazisiyanitsa pa mamilimita 8, ndipo panatsala kadera kofanana ndi chikhadabo cha chala chachikulu komwe ankakamva ngati kali ndi pulasitala, kamene kamawotcha pang'ono, 2 pa 10, akaphunzitsa maola ambiri kapena kukazizira m'mwezi wa June. Dzino lomalizira la m'munsi kumanja nalo ndi lopendekeka, ndipo pa chithunzi mizu yake yada pomwe yadutsana ndi ngalande ya mtsempha, chimodzi mwa zizindikiro za chiopsezo zomwe Rood ndi Shehab anafotokoza mu 1990. Pakadali pano silikumuvutitsa ndipo tagwirizana kulisiya. Ndalemba pa tsamba loyamba la buku lake kuti likadzavuta asadzalizule popanda chithunzi chatsopano, ndipo adzaganizire zodula mutu wa dzino wokha n'kusiya mizu, njira yotchedwa coronectomy. Mano awiri a m'mwamba aja ndinawayesanso ndi chozizira tsiku limenelo, ndipo onse ndi amoyo.